Nsato ya Mayi Likongwe

Amene munakhalapo ku Zomba mukukudziwa kuzizira kwa mwezi wa Juni, chiperoni chikatsika m'phiri n'kukhala pamadenga masiku atatu osasuntha. Nkhani iyi inayamba nyengo yoteroyo, ndipo inagwera Mwatitha Chimbalanga, mtsikana amene ankagulitsa mankhwala a ziweto m'sitolo ina pafupi ndi msika.

Mwatitha ankachita lendi kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya aNambewe ku Matawale, chipinda chimodzi ndi pabalaza. Sanali munthu wokhala pansi. Loweruka likakwana, uyo pa minibasi: lero ku Balaka kwa mayi ake, sabata inayo ku Liwonde kwa anzake, apo ayi kukwera phiri n'kubwera dzuwa litapendeka. ANambewe ankakonda kunena kuti m'kanyumbamo mumakhala zovala, mwini wake amangobwera kudzaziona.

Tsiku lina masana m'sitolo munalowa bambo wachikulire. Jekete yawo inali yabwino koma yachikale, khungu lawo lotumbuluka ngati la munthu amene wagona m'chipatala nthawi yaitali. Sanafike pakauntala. Anaima pafupi ndi khomo, akucheukacheuka kumsewu kumene takisi inkawadikira injini ikulira.

"Mwana wanga, kodi muno mumagulitsa mbewa zoyera?"

"Ayi bambo, muno ndi mankhwala ndi zakudya za nkhuku basi. Koma ku Chinamwali kuli munthu amaweta. N'za chiyani?"

Bambowo anazengereza. "N'za nsato."

Anafotokoza mwachidule. Dzina lawo anali a Likongwe. Nsatoyo sinali ya m'tchire lathu lino, zija zomeza mbuzi. Inali yaing'ono, yotalika ngati lamba wa thalauza, ya mtundu umene ukachita mantha umadzikulunga ngati mpira n'kubisa mutu pakati. Mwana wawo anaigula ku Joni n'kubweretsera mayi ake, amene miyendo yawo inafa kalekale ndipo sankatuluka m'chipinda. Mayiwo anali atamwalira mu Febuluwale.

Mwatitha anali ataonera njoka zoterezi pafoni zaka zambiri, akungomeza mate. Anatsamira pakauntala.

"Nanga ndi kuzizira kuno sikuvutika? Magetsi akazima mumaifunditsa ndi chiyani?"

A Likongwe anasiya kucheukira kumsewu. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Aliyense ndikamuuza amafunsa ngati imaluma," anatero. "Kodi inu mungaifune?"

Loweruka Mwatitha anapita kunyumba kwa a Likongwe ku Mulunguzi. Nyumbayo inali yaikulu, makatani onse otseka ngakhale kunja kunali dzuwa. Udzu pabwalo unafika m'mawondo, koma kanjira kochoka pakhomo kufika pageti kanali kosalala ngati pamene pamayenda galu womangidwa. M'chipinda cha malemu munkanunkha mafuta opaka aja a fungo la bulugamu. Bedi linalibe zofunda. Pasimenti panali mizere iwiri yakuda ya mateyala a njinga ya olumala, yochoka pabedi kupita pawindo, n'kuchoka pawindo kufika patebulo pamene panali bokosi lagalasi.

Nsatoyo inali itadzipinda pansi pa phale, yakuda ya mawanga ofiirira ngati uchi. A Likongwe anaitulutsa n'kumuika m'manja. Inali yolemera kuposa mmene inkaonekera. Inazungulira mkono wake pang'onopang'ono, inanyambita mpweya kawiri, n'kukhala phee.

Bambowo anayamba kulankhula ngati mwana woloweza katekisimu. "Mbali iyi kuli kamphasa kamagetsi, kuzikhala kofunda. Mbali inayo kozizirirapo, kuti izisankha yokha. Mapale awiri, lina uku lina uku, chifukwa ikasowa pobisala imadwala. Madzi muzisintha tsiku lililonse. Mbewa imodzi pa sabata, yakufa kale, koma muziyamba mwaifunditsa. Ikadya musaigwire masiku awiri. Maso akachita mbuu ndiye kuti ikufuna kufundula, muziwaza timadzi m'bokosimo. Magetsi akazima, botolo la madzi otentha, mukulunge m'sokosi. Chivundikiro muzimanga mbali zonse zinayi."

"Nanga ndikachokapo masiku awiri atatu?"

"Njokayo siidandaula," anayankha a Likongwe, maso ali pansi.

Sanalole kulandira kalikonse. Anathandiza kukweza bokosilo m'takisi, thukuta likuwatsika ngakhale kunkazizira. Galimoto itanyamuka Mwatitha anacheuka. Anawaona ataima pageti, akuponda msewu ndi phazi limodzi ngati munthu woyesa kuya kwa mtsinje. Kenako anaponda ndi linalo. Sanabwerere kunyumba. Anayamba kutsika ndi msewu, geti atalisiya chitsegukire.

Masabata awiri oyamba anali okoma. Mwatitha anaika bokosilo pabalaza, kutali ndi mphepo ya pakhomo. Anayala manyuzipepala atsopano, anagula kachipangizo koyezera kutentha, n'kumakayang'ana m'mawa ndi madzulo. Masana nsatoyo inkabisala. Dzuwa likalowa inkatulutsa mutu pansi pa phale n'kumayenda m'mbali mwa galasi, ikukankha chivundikiro ndi mphuno pangodya iliyonse. Mbewa yoyamba inaikana, yachiwiri inadya, ndipo Mwatitha anasangalala ngati wakhoza mayeso.

ANambewe ataiona anabwerera m'mbuyo mpaka pakhonde.

"Mwatitha, atsikana anzako akuweta nkhuku."

"Siluma, amayi. Ndi yamantha kuposa inu."

"Bola isatuluke. Ndipo akumpingo asamve, angandichotse pa ukulu wa mvano."

Chodabwitsa choyamba chinali mbale ya madzi. Lachiwiri lina Mwatitha anadzuka mochedwa n'kuthamangira kuntchito osasintha madzi, ndipo nsatoyo inali itawadetsa. Atabwera madzulo anapeza mbaleyo yotsukidwa, madzi oyera mpaka m'milomo, chivundikiro chomangidwa mbali zonse zinayi. Anaima n'kuganiza. Mwina anasintha ali m'tulo. Munthu ukazolowera ntchito, manja amachita okha.

Lachisanu magetsi anazima kuyambira m'mawa. Iye ali kusitolo mtima sunakhazikike, ndipo atangoweruka anakwera kabaza kuti akafike msanga. Anapeza botolo lili kale m'bokosi, lokulungidwa m'sokosi yake yobiriwira, nsato itadzizinga pamenepo. Analigwira. Linali lotentha ndithu. Mbaula inali yozizira, makala osakhudzidwa.

Anapita kwa aNambewe. "Amayi, munalowa kwanga?"

"Ine? Muli chinthu chija? Ngakhale nyumba itamapsa." ANambewe anapitiriza kusadzula masamba. "Koma mlendo wakoyo umuuze kuti moni sagula. Ndadutsa kawiri ndikupita kothaya zinyalala, ndapereka moni, zii."

"Mlendo uti?"

"Amene amakhala pawindopo. Kuseri kwa katani. Ndimangoona mutu, wotsika chonchi, ngati wakhala pampando. Si mayi ako?"

Mwatitha anati inde, ndi achibale, samva bwino. Sanadziwe chifukwa chimene ananamira. Atabwerera m'nyumba anaima pakati pa balaza. Pawindo panalibe mpando. Koma fungo linalipo, lochepa, la bulugamu.

Kuyambira pamenepo anayamba kumva phokoso. Linkabwera m'bandakucha, tambala woyamba atangolira: kwii, kwii, kwii, ngati teyala losowa mafuta likugudubuzika pasimenti. Linkachoka pawindo kufika pabokosi, n'kuima. Kenako linkabwera mpaka pakhomo la chipinda chake, n'kuima nthawi yaitali. Mwatitha ankagona chagada, osaphethira, akumva kuti kuseri kwa chitseko kuli wina amene akumvetsera ngati iye akupuma. Kukacha ankapeza balaza lili monga analisiyira.

Loweruka anakonzeka kupita ku Liwonde. Chikwama chinali pamsana pamene anaona kuti makiyi palibe. Anakutumula zofunda, anakhuthula madilowa. Anawapeza dzuwa lili pamutu, m'bokosi lagalasi, pansi pa phale, nsato itawagonera. Loweruka lotsatira zinasowa nsapato zake zoyendera. Zogwirira ntchito zinalipo, zapatapata zinalipo, koma zoyendera maulendo zija, mapeyala onse atatu, sanazionenso.

Kuntchito ankapitabe, koma tsiku lililonse chingwe chinkafupika. Poyamba ankafika mpaka nthawi yoweruka. Kenako ikangokwana thili koloko chifuwa chinkamuthina ngati wavala bulauzi ya mwana, miyendo n'kumalemera, ndipo zinkatha pokhapokha akaponda pakhonde pake. Sabata inayo zinayamba nthawi ya nkhomaliro. Abwana ake anamuuza kuti akayezetse magazi. Anapita, ndipo sanamupeze ndi kanthu.

Tsiku limene analephera kudutsa geti la aNambewe, anakhala pakhonde n'kuimbira foni a Likongwe. Anayankha pakati pa phokoso la injini ndi anthu ogulitsa malonda.

"Ndili pa basi, mwana wanga, tangodutsa pa Jenda. Mzuzu sindinamuonepo chibadwire."

"Bambo, munandipatsa chiyani?"

Poyankha, mawu awo anali otsika.

"Ndi malemu akazi anga aja, dzina lawo ndi aNaphiri. Sapweteka munthu. Zaka khumi ndi chimodzi anakhala m'chipinda chija, ndipo chimene ankaopa si imfa, koma kutsala okha m'nyumba. Ndikapita kugolosale ndinkawapeza akunjenjemera. Ndinasiya ntchito, ndinasiya tchalitchi, maliro a mchimwene wanga weniweni sindinapite. Atamwalira ndinati tsopano ndiyenda. Geti silinandilole, kupatula kanthawi kochepa kokasaka mbewa."

"Ndiye mwati ine?"

"Ndinalakwa. Ndikudziwa kuti ndinalakwa. Koma ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri, mwana wanga."

"Ndikaitaya kuphiri."

"Ndinayesa. Ndinaipeza pabedi pawo, ndipo sabata imeneyo chitseko sichinatseguke n'komwe."

"Nanga itafa?"

"Musayerekeze. Imeneyo ndi imene imawatonthoza. Ikachoka, atsala ndi inu nokha." Anapumira m'mwamba. "Njira ndi imodzi. Pezani wina amene angaikonde ndi mtima wonse. Kwa munthu wosaikonda sapita."

Foni inaduka. Ataimbanso inali yozimitsa.

Madzulo amenewo Mwatitha anawauza aNambewe zonse. Mayiwo anamvetsera manja ali pachibwano. Sanamuseke. Mawa lake anabwera ndi azimayi awiri a mvano, anaima pakhonde n'kupemphera, n'kuimba nyimbo ziwiri. Ali mkati mwa nyimbo yachiwiri mmodzi wa azimayiwo anasiya kuimba. Anati m'nyumbamo muli wina akuimba nawo, ndi mawu aang'ono, ndipo akuidziwa nyimboyo mpaka ndime yomaliza imene iwo anali ataiiwala. Sanabwerenso.

Masiku anayamba kufanana. Mwatitha ankasintha madzi, kuyang'ana kutentha, kutsuka mapale. Mbewa ankamubweretsera ndi wakabaza. Maso a nsato anachita mbuu, anawaza madzi, ndipo patapita masiku asanu inafundula khungu lonse lathunthu, osaduka. Analitambasula patebulo n'kupeza kuti akumwetulira, kenako anachita manyazi ndi kumwetulirako. Chomuvuta chinali chakuti njokayo ankaikondabe. Ikamayenda m'mbali mwa galasi ikukankha ngodya iliyonse, iye ankaiyang'ana mpaka maso kuwawa.

Ndipo m'nyumbamo ankasamalidwa. Akagona osafunda ankadzuka atafunditsidwa. Batani la bulauzi limene linathothoka kalekale analipeza litasokedwa, ndi ulusi wa mtundu umene iye analibe. Zimenezi zinkamuopsa kuposa phokoso la teyala lija.

Lachinayi lina m'mawa foni inalira. Anali mng'ono wake wa ku Balaka.

"Achemwali, amayi agwa kubafa. Mbali imodzi sikugwira, pakamwa papotoka. Akungotchula dzina lanu."

Mwatitha anavala zapatapata, anatenga chikwama, n'kugwira chitseko. Sichinali chokhoma. Chogwirira chinkatsika bwinobwino, koma chitsekocho chinali ngati chamangidwira kukhoma. Anakoka ndi manja awiri. Anaponda khoma ndi phazi n'kukoka mpaka zala zinachita dzanzi. Anaitana aNambewe, iwo anakankha kunja ndi phewa, anaitananso bambo wa nyumba yoyandikana, onse awiri n'kukankha pamodzi. Chitseko cha mapulanga opepuka, chimene mphepo inkachitsegula yokha, sichinagwedere. Mawindo anali ndi zitsulo.

Anatsetsereka n'kukhala pansi, msana atatsamira chitseko, n'kulira. Atatopa anakhala duu. Apo m'pamene anamva kuti m'nyumbamo muli wina akupuma mofulumira, modukizadukiza, pafupi ndi windo. Sikunali kupuma kwa munthu wokwiya. Kunali kwa munthu amene wagwidwa ndi mantha.

Mwatitha anapukuta nkhope ndi chitenje. Anagwada monga amagwadira munthu polankhula ndi akulu, anayang'ana pamene katani inali itatukuka pang'ono.

"ANaphiri," anatero. "Mayi anga agwa. Miyendo yawo sikugwira. Inu mukudziwa mmene zimakhalira munthu akagona n'kumayang'ana pakhomo. Sindikusiyani. Tiyeni tonse."

Kupuma kuja kunasiya. Panapita nthawi yokwana kuwiritsa madzi. Kenako chitseko chinatseguka chokha pang'ono, n'kumugunda pamapazi.

Anatenga dengu la chivundikiro, anayala thaulo, anaika botolo lotentha. Nsatoyo anaiika m'thumba la pilo n'kumanga kukamwa. ANambewe ataona dengulo anapatuka, koma sanapatukire Mwatitha yekha. Anabwerera m'mbuyo kwambiri, kusiya njira yotakata, maso awo ali kumbuyo kwake, ndipo anapinda mawondo pang'ono monga tichitira munthu wamkulu akamadutsa.

Mwatitha sanacheuke. Mpaka kusiteji ankamva kwii, kwii, kumbuyo kwake, pa miyala ya mumsewu.

Minibasi za ku Balaka mukuzidziwa, mpando wa anthu atatu amakhalapo anayi. Iye anakhala kumbuyo, dengu pamiyendo. Kondakitala anadzaza mipando yonse, anapanikiza anthu mpaka pakhomo, koma malo a pambali pa Mwatitha anawadumpha. Bambo wina atafuna kukhalapo anangoima n'kunena kuti pepani, n'kupita kukadzipanikiza kutsogolo. Atadutsa Liwonde kondakitalayo anatembenuka.

"Asisi, amayiwo atsegulireni windo pang'ono. Akuoneka kuti akufuna kuona kunja."

Mwatitha anatambasula dzanja pamwamba pa mpando wopanda munthuwo n'kutsegula. Mkono wake wonse unachita tsemwe.

Mayi ake anawapeza amoyo. Anakhala nawo masiku anayi, dengu lili pansi pa bedi, ndipo mayiwo anachira pang'ono mpaka kuyamba kuyenda ndi ndodo. Koma ulendowo nsato unaizunza. Itabwerera inakana kudya masabata asanu ndi awiri, inaonda mpaka msana kuoneka, ndipo masabata onsewo m'nyumba munkamveka kusisima kwapansipansi kumene kunkamulanda Mwatitha tulo. Anazindikira kuti njoka yotere si yoyenda nayo. Kawiri pachaka, mwina katatu, nyengo yotentha. Kupitirira apo ndi kuipha.

Ntchito ya kusitolo anasiya. Anayamba kugulitsa mankhwala a nkhuku ndi a mbuzi pawindo la kanyumba kake, ndipo anthu a ku Matawale anazolowera kugogoda pa zitsulo.

Chaka chitatha kunabwera mtsikana wina pa njinga yamoto, mlangizi wa zaulimi, nsapato zake zili mbuu ndi fumbi la midzi yambiri. Akudikira mankhwala anasuzumira mkati n'kuona bokosi lagalasi. Nkhope yake inawala.

"Ndi yeniyeni? Achemwali, ine ndakhala ndikuifuna kuyambira ndili ku sekondale. Ndinagula kale ngakhale bokosi. Simungandigulitse?"

Kumbuyo kwa Mwatitha teyala linalira kamodzi, likusendera chifupi, ngati nalonso likufuna kumuona mlendoyo. Mawu anali kale pakamwa pake. Anayang'ana nsapato zija, anayang'ana njinga imene injini yake inali ikutenthabe.

"Ndi yolusa," anatero. "Imaluma. Simungaithe."

Anapereka mankhwala n'kutseka katani. Anaima pomwepo mpaka phokoso la njinga linazilala kumsewu waukulu.

Madzulo ake aNambewe anamuitana kudzamwa tiyi pakhonde pawo, masitepe khumi okha kuchoka pakhomo pake. Anali ataona zonse. Anathira shuga, anatakasa nthawi yaitali.

"Ukanamupatsa, palibe akanakuda."

"Ndikudziwa, amayi."

"Kodi njoka zoterezi zimakhala zaka zingati?"

"Makumi atatu, zikasamalidwa bwino."

"Nanga iyi ili ndi zingati?"

"Zisanu ndi zitatu."

ANambewe anawerenga ndi zala pa bondo, milomo ikugwedera. Anangomukankhira mbale ya zitumbuwa.

Mwatitha anatenga chimodzi, anamwa tiyi kawiri. Kenako anaika kapu pansi tiyi ali theka, anagwira pachifuwa, n'kuimirira.

"Ndapita, amayi," anatero. "Ndakhalitsa."